Za ambulansi zilembedwe momveka mu mgwirizano wa makhonsolo ndi zipatala za mishoni

Akonzi,

Kuyambira 2006 boma lakhala likusainirana mgwirizano wopereka chithandizo wotchedwa SLA (Service Level Agreement) ndi zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere pa chipatala cha mishoni, bilu n'kupita ku boma. Tikupempha makhansala ndi akuluakulu a zaumoyo m'makhonsolo kuti akakhalanso pansi kukambirana mgwirizanowu, aike maso pa ambulansi. Mtengo wochiritsa mayi amaukambirana mpaka tambala yomaliza, koma galimoto yomutengera ku opaleshoni akayamba kutaya magazi usiku imangotchulidwa mwachidule, ngati yatchulidwa n'komwe.

Tiwerengere limodzi. Ambulansi zambiri m'maboma ndi Toyota Land Cruiser za dizilo. Pa msewu wafumbi, itanyamula wodwala, namwino ndi omudikirira, lita imodzi imayenda makilomita 7 kapena 8. Chipatala chaching'ono chikakhala pa mtunda wa makilomita 40 kuchokera pa boma, ulendowo ndi wa makilomita 80, chifukwa galimoto imapita yopanda kanthu. Amenewo ndi malita 10 kapena 11 pa wodwala mmodzi. Ikakhala ya mishoni, miyendo imakhala itatu: kukatenga wodwala, kukamutula pa boma, kenako kubwerera kwawo. Mgwirizano wongolipira mtunda umene wodwala anali m'galimoto umasiya miyendo iwiri pamutu pa mishoni, ndiye pofika pakati pa mwezi dalaivala amayankha foni kuti mafuta atha. Achibale amayamba kusonkherana, kapena kumukweza mayiyo pa kabaza.

Choncho mtengo ulembedwe pa kilomita, kuwerengera kupita ndi kubwerera. Ndipo usakhale wa mafuta okha. Oyilo ndi zosefera zimafunika kusintha pa makilomita 5,000 aliwonse m'misewu yathuyi. Matayala, mabuleki ndi masipuling'i zimatha msanga nyengo ya dzinja. Pali alawansi ya dalaivala ndi namwino woperekeza, komanso kudzaza silinda ya okosijeni. Zimenezi zikapanda mwini, sevisi imadumphidwa kawiri katatu, injini n'kugogoda, ndipo galimoto imakakhala pamiyala kuseri kwa chipatala, ena n'kumaisolola zipangizo kuti adzutsire inzake.

Mfundo ina yosayenera kuiwalika ndi ya kukwera kwa mafuta. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wogwirizana kumayambiriro kwa chaka sungapirire zoterezi. Palembedwe kuti MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, ikalengeza mtengo watsopano wa dizilo, gawo la mafuta lisinthe mwezi wotsatira popanda kuitanitsanso msonkhano.

Kuchedwa kulipira ndiye chilonda chachikulu. Ndalama zoyendetsera zaumoyo zikachedwa kufika ku khonsolo, pa filing'i sitesheni amatseka ngongole, ndipo nawo sitingawadzudzule. Mgwirizano unene masiku olipirira bilu ikaperekedwa, mwachitsanzo 30, komanso pakhale malita osungidwa a odwala mwadzidzidzi okha, amene sangagwiritsidwe ntchito pa ulendo wa msonkhano, wokatenga mankhwala kapena wonyamula maliro. Za maliro tikudziwa kuti n'zovuta kukana, makamaka pempho likachokera kwa amfumu kapena kwa aphungu. N'chifukwa chake ziyenera kulembedwa, kuti dalaivala akhale ndi pobisala.

Nayonso mishoni ili ndi mbali yake. Buku la maulendo lizionetsa nthawi imene foni inalira, nthawi yonyamuka, nthawi yofika, manambala a mita ponyamuka ndi pobwera, ndi siginecha ya namwino wolandira wodwala pa boma. Ulendo wopanda siginecha usalipidwe. Khonsolo iziyerekeza bukuli ndi kaundula wa odwala otumizidwa mwezi ndi mwezi, osadikira owerengera ndalama kumapeto kwa chaka. Palembedwenso kuti galimoto ikalowa m'galaja, ina yogwirizira ichokera kuti, ndipo foni aziimbira ndani, chifukwa pamenepa m'pamene namwino wa usiku amatsala yekha ndi mayi wokomoka.

Makhansala, pepalali lisanasainidwe, lifike ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo, ndipo tsamba la ambulansi limatidwe pa khomo la chipatala chilichonse m'Chichewa, ndi nambala yoimba.

Ndife owerenga anu,
Dedza