Lipoti la Nthumwi pa Msonkhano wa Zozimitsira Moto m'Makontena ndi m'Makabati a Magetsi

A Wapampando, a Komiti ndi amisiri anzanga nonse a m'bungwe lathu,

Monga momwe munanditumira, ndinakakhala nawo pa msonkhano ndi chionetsero cha zipangizo zolimbana ndi moto ku Gallagher Convention Centre ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Funso limene munandipatsira linali lakuti tipeze chipangizo chozimitsa moto chokha, popanda munthu, chimene tingamaike m'makontena momwe timasungamo mabatire ndi mainveta (makina osintha magetsi a m'batire kukhala ngati a m'nyumba) a sola m'zipatala zazing'ono, m'masukulu ndi m'masikimu a ulimi wothirira. Malisiti onse a ulendowu ndapereka kale kwa a msungichuma, ndipo amene ankanong'ona kuti ndikungopita kukaona mzinda ali ndi ufulu wokawafufuza.

Zokambirana zoyambirira zinali za inshuwalansi ndi malamulo a zomangamanga a ku South Africa, zomwe sizikutikhudza kwenikweni. Panalinso nkhani ya moto wa m'makontena a katundu pa sitima zapamadzi, monga wa Maersk Honam mu 2018 umene unapha anthu asanu ogwira ntchito m'sitimayo, koma imeneyo ndi nkhawa ya eni sitima.

Chimene chinandigwira mtima ndi kapaipi kofiira ka pulasitiki, konenepa ngati pensulo, kamene amakayendetsa mkati mwa kabati ya magetsi modutsa pamwamba pa mabureka (maswitchi odula magetsi okha pakakhala vuto) ndi polumikizira mawaya. Kapaipiko kamakhala kodzaza ndi mpweya wopanikizika ndipo kamalumikizidwa ku silinda yaing'ono ya mankhwala yomangiriridwa pambali pa kabatiyo. Moto ukabuka, malo amene atentha kwambiri amafewa n'kuphulika, ndipo mankhwala amatulukira pabowo lomwelo molunjika pamene pali moto. Anationetsa poyatsa moto m'kabati ya chitseko cha galasi: lawi litangonyambita kapaipiko, kunamveka kuti phu, ndipo moto unazima ambiri a ife tisanatulutse n'komwe mafoni kuti tijambule. Kenako anatiyendetsera chidutswa chophulikacho, ndipo ndinaona kabowo kakang'ono kokhala ndi milomo yosungunuka, pomwe mbali ina yonse ya kapaipiko inali bwinobwino. Kampani ya Firetrace ndi imodzi mwa zodziwika ndi njira imeneyi. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi woti siifuna magetsi aliwonse kuti igwire ntchito, ndipo ngakhale mlonda wa pachipatala angathe kumayang'ana geji ya pasilinda n'kutiimbira foni singano ikachoka pobiriwira. Akhozanso kuikapo switchi yozimitsa inveta mankhwala akangotuluka, chinthu chofunika kwambiri chifukwa waya amene akupitiriza kuthetheka amayatsanso moto umene wazima kale.

Njira yachiwiri ndi ya tizitini tachitsulo, monga ta FirePro ndi Stat-X, tokhala ndi mankhwala olimba a potaziyamu amene akayatsidwa amatulutsa utsi woyera wosokoneza lawi lenilenilo popanda kumaliza mpweya wopuma m'chipindamo. Mulibe mpweya wopanikizika woti n'kuphwa, choncho timakhala zaka zambiri osafuna kudzaza. Vuto lake ndi loti potulukira utsiwo pamatentha kwambiri moti sipafunika kuyandikana ndi mawaya, komanso pamatsala fumbi lofunika kupukuta msanga pa zipangizo.

Ogulitsa ambiri ankakankhira kwambiri njira yachitatu, yodzaza kontena yonse ndi gasi monga FM-200 kapena Novec 1230, ndipo ndikudziwa kuti ena a m'Komiti mtima wawo uli pomwepo. Ndikupempha kuti mumve bwino mbali iyi. Gasi wakale wa Halon analetsedwa kudzera m'pangano la Montreal la 1987 chifukwa chowononga ozoni (mpweya wa kumwamba wotitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa), FM-200 ali m'gulu la magasi amene akuchepetsedwa pang'onopang'ono potsatira mgwirizano wa ku Kigali wa 2016, ndipo kampani ya 3M inalengeza mu 2022 kuti isiya kupanga gulu la mankhwala momwe muli Novec 1230 pofika kumapeto kwa 2025, ngakhale makampani ena amapanga wofanana naye. Za carbon dioxide sindikufuna n'kuzitchula komwe, chifukwa muyezo wake wozimitsa moto ndi wokwaniranso kupha munthu amene watsekeredwa mkati. Ndinafunsa wogulitsa wina kuti silinda ikatuluka tingakaidzazitse kuti, ndipo anandiyankha mosavutika kuti tiziitumiza kwa iwo ku Johannesburg. Nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno.

Koma chachikulu si mtengo. Gasi ameneyu amagwira ntchito pokhapokha akakhala m'chipindamo pa muyezo wake kwa mphindi zosachepera 10, ndipo akatswiri asanavomereze amamangirira fani pakhomo n'kuyeza kuchuluka kwa mpweya umene ukuthawira m'mipata. Ndi makontena angati mwa athu amene angapambane mayeso amenewa? Timaboola mabowo a mawaya ndi giraindala n'kuwasiya pululu, labala ya pazitseko inatha kalekale, ndipo kwina tinachita kudula mawindo chifukwa cha kutentha kwa m'chigwa cha Shire. Kuthira gasi wodula m'kontena yotere n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Nkhani yotseka mabowo a mawaya ndinaibweretsa pa msonkhano wathu waukulu wapitawu, inalembedwa m'maminitsi, ndipo mpaka lero palibe amene wayankhapo, pomwe ndalama zogulira mayunifolomu a Komiti zinapezeka sabata yomweyo.

Tisathamangirenso kumata paliponse, chifukwa komwe tikugwiritsabe ntchito mabatire a asidi, mabatirewo amatulutsa haidrojeni pochajidwa, ndipo haidrojeni akafika 4 peresenti mumpweya amatha kuyaka. Kontena yotere imafuna mpweya uzidutsa, pomwe gasi wozimitsa moto amafuna potsekeka, ndipo ziwirizi sizingayendere limodzi popanda zotsekera mawindo zodzitseka zokha alamu ikalira, zomwe ndi ndalama zinanso.

Phunziro limene linachititsa holo yonse kukhala chete linali la mabatire a lithiamu. Wophunzitsa anafotokoza ngozi ya pa 19 April 2019 pa malo osungira magetsi a McMicken mumzinda wa Surprise ku Arizona. Selo imodzi (kachigawo ka mkati mwa batire) inayamba kudzitenthetsa yokha n'kupatsira zinzake, Novec 1230 anatuluka monga momwe anamukonzera, koma sanathe kuletsa kutenthako chifukwa kumachokera mkati mwa batire ndipo gasi saziziritsa mokwanira. Mabatirewo anapitiriza kutulutsa mpweya woyaka umene unadzazana m'chipinda chotsekekacho, ndipo ozimitsa moto atatsegula chitseko patadutsa pafupifupi maola atatu, chipindacho chinaphulika n'kuvulaza modetsa nkhawa anayi a iwo. Mabatire amene ambiri a ife tikuika tsopano ndi a mtundu wa LiFePO4, omwe amapirira bwino kutentha poyerekeza ndi a ku Arizona aja, komabe nawonso akafika potero amatulutsa mpweya woyaka. Popeza dziko lathu lili kale ndi malo akuluakulu osungira magetsi ngati a Golomoti ku Dedza, komwe kuli mabatire a 5 MW, nkhani imeneyi si ya kutali ayi.

Maganizo anga ndi oti tisagule gasi wodzaza kontena yonse. Tiike kapaipi kaja, kapena kachitini ka potaziyamu, m'kabati ya inveta ndi ya mabureka, momwe muli malo aang'ono otsekeka bwino komanso momwe moto wa mawaya omasuka umayambira kawirikawiri. Kumbali ya mabatire, ndalama zathu zipite ku alamu ya utsi yolirira panja, switchi yozimitsira zonse yoikidwa kunja kwa kontena, ndi kuika kontenayo patali ndi wodi ya odwala kapena kalasi. Pachitseko pakhale chikwangwani cha Chichewa choletsa aliyense kutsegula akaona utsi, chifukwa magalimoto ozimitsa moto timawadalira m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo kumudzi woyamba kufika ndi mlonda ndi ndowa yake, amene nzeru yake yoyamba ndi kutsegula kuti aone.

Ndikudziwa kuti ena adzanena kuti kasitomala sangalole kuwonjezera ndalama, monga ananenera pamene tinkakambirana za mabotolo ozimitsira moto amene ena mwa ife amapachika tsiku lopereka ntchito osabwereranso kukawayeza. Yankho langa ndi loti tikagwirizana tonse kuti mtengo umenewu uzilowa m'kotesheni iliyonse, sipadzakhala wina wolanda mnzake ntchito pochotsa chitetezo. Ndikupempha a mlembi kuti aike nkhaniyi, pamodzi ndi ya mabowo a mawaya, pa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu kuti tidzavotere, ndipo mabuku a ogulitsa ndi mitengo yawo ndidzabwera nazo tsiku lomwelo. Gawo lotsala la alawansi yanga, limene a Komiti analonjeza kuti ndidzalandira ndikabwerako, sindinalandirebe.

Ine nthumwi yanu.