Lipoti la msonkhano wa zamilandu uja munandituma

A tcheya, a msungichuma ndi nonse akuluakulu a kabaza a pa siteji yathu, ndabwerako ku msonkhano uja munandituma Lachinayi. Ndimati ndidikire Lamulungu koma mutu wangawu mukuudziwa, pofika tsikulo theka ndikhala nditaiwala, nde ndingolemba pompano. Anati 8 koloko koma tinayamba cha m'ma 10. Oyankhula anali atatu, mayi wina loya, mkulu wina wa maparaligo aja amayendera anthu m'maselo ndi kundende, ndi bwana wina wapolisi. Kunali mavenda, azimayi a mumsika, mafumu awiri, ife a njinga tinalipo anayi basi, awiri a ku Chinamwali ndi wina wa ku Mpondabwino.

Ndiyambe ndi imene yandiwawa. Belo ya kupolisi ndi yaulere akuluakulu. Palibe olo K100. Bwana wapolisi uja ananena ndi pakamwa pake kawiri konse, anthu nkuombera m'manja, ine ndinangoti zyoli chifukwa ndinakumbuka za mwezi wa Malichi pamene mnzathu uja anagona m'selo, tinasonkhatu K60,000 tsiku limodzi, ena kuchita kukongola, nkukampatsa mkulu wa jekete uja amangozungulira panja kumati mabwana onse ndi anzanga. Lisiti tinaliona ife? Amenewo ndi madobadoba ndipo amadya pa mantha athu, munthu uja akanatuluka ndithu popanda ndalama ija. Belo imene nthawi zina imafuna ndalama ndi ya kukhothi, koma iyo amatchula ndi majisitireti poyera, umakalipira ku ofesi ya khothi, akupatsa lisiti la boma, ndipo mlandu ukatha iwe usanajombeko ndalamayo imabwezedwa. Lisitilo musamataye. Nthawi zina salipiritsa nkomwe, amangofuna anthu okuimira, achibale kapena anzako odziwika komwe amakhala, abwere ndi chiphaso cha unzika. Koma woimira mnzake adziwe kuti uja akathawa, chingwe chimatsala pakhosi pako.

Za maola 48 ambiri timangomva. Zili mu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994. Akakumanga akuuze chifukwa chake m'chiyankhulo chimene ukumva, ndipo akufikitse kukhothi asanathe maola 48. Ine ndinafunsa kuti nanga bwanji wathu uja anagwidwa Lachisanu madzulo nkukaonekera Lolemba, mayi loya anati maolawo akathera tsiku limene khothi silikugwira ntchito amadikira tsiku loyamba lotsegula. Nde Lachisanu ndi tsiku loipa, mnzathu akagwidwa Lachisanu masana tisamati tiona mawa, tizithamanga nthawi yomweyo kukapempha belo ya kupolisi ija.

Pa sitetimenti ndi pamene mayi aja anakhalitsa ndipo ndi pamene ife a njinga timagwera. Mwanyamula kasitomala usiku ali ndi thumba, simukudziwa muli chani, kutsogolo kuno mwakumana ndi apolisi, iye wadumpha wathawa, thumba latsala pa kaliyala panu muli ma waya a magetsi. Kapena mwagula foni yotchipa pa depoti kwa mnyamata wosamudziwa. Ukafika kupolisi uli ndi mantha, wina akulemba m'Chingerezi, akuti sayina apa uzipita, iwe nkusayina. Pepala limenelo limakakudikira kukhothi. Akuti uli ndi ufulu wokhala chete kufikira utaonana ndi loya, ndipo usasayine chimene sanakuwerengere m'Chichewa. Chimodzimodzi kukhothi akamafunsa kuti ukuvomera kapena ukukana, ambiri amavomera poganiza kuti zitha msanga abwerere kunyumba, osadziwa kuti ukavomera basi, mboni sizibweranso, chatsala ndi chilango. Ngati sunachite kana, ngati sunamve funso nena kuti sindinamve, womasulira amakhalapo ndipo sulipira.

Tsono za kupeza loya, zomwe munanditumira kwenikweni. Njira yoyamba ndi Legal Aid Bureau, maloya a boma othandiza anthu osowa, anayamba kugwira ntchito paokha mu 2015 ndipo ofesi yawo ilipo konkuno ku Zomba. Amayamba aona kapezedwe kako, ena amathandizidwa ulere, ena amauzidwa kuti asonkheko pang'ono. Wachibale atha kupita m'malo mwa amene ali m'selo. Vuto ndi lakuti milandu ndi yambiri maloya ndi ochepa, nde osadikira kuti mawa ndi tsiku la mlandu ndi pomwe mukukagogoda.

Njira ina ndi loya wolipira. Apa ndilembe bwinobwino. Si aliyense wovala suti ndi kunyamula fayilo amene ndi loya. Loya weniweni amakhala ndi layisensi imene amaikonzanso chaka ndi chaka, ndipo a Malawi Law Society, bungwe la maloya, amakhala ndi mndandanda wa amene ali ndi layisensi, ukhoza kufunsa dzina lake ngati lilimo. Mufunseni ngati amaimadi pa milandu ya upandu chifukwa ena ntchito yawo ndi za malo, za inshuwalansi, za makampani, kuselo sanapondeko. Mtengo mugwirizane poyamba ndipo ulembedwe, zimveke kuti ndalamayo ndi ya belo yokha kapena mlandu wonse, ndipo ngati akuchokera ku Blantyre mafuta alipira ndani tsiku lililonse la khothi, poti milandu imaimitsidwa kambirimbiri ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama. Chilichonse mwapereka, lisiti. Amene angakuuzeni kuti mlandu uwu ndawina kale, kapena kuti onjezerani ina ya a majisitireti, tembenukani muzipita, izo ndi za ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Ine ndinaseka ndekha kuti sukulu ya malamulo ili pompa pa Chirunga, timawanyamula tsiku ndi tsiku ana amenewa, koma tikagwa m'mavuto timathamangira wa jekete.

Maparaligo a bungwe la PASI samaima m'khothi koma amathandiza kulemba pempho la belo, kufufuza achibale, ndi kukumbutsa za munthu amene waiwalika pa rimandi. Mkulu wa maparaligo uja anati pa milandu ya kwa majisitireti munthu asapitirire masiku 30 pa rimandi mlandu usanayambe, pa ikuluikulu ngati kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza ndi masiku 90, pokhapokha khothi litawonjezera.

Apa ndinene mosabisa ngakhale ena mundida. Khalidwe lathu lija lothamangitsa wakuba njinga nkumumenya tonse. Akafera m'manja mwathu umenewo ndi mlandu wakupha, majisitireti sauzenga, belo yake ndi ya ku High Court kokha, ndipo podikira ukhala uli ku ndende yaikulu ija ya 1935 timadutsa pafupi tsiku lililonse. Sasankha kuti ndani anamenya kwambiri, amene waoneka pa vidiyo ndi yemweyo.

Za vakabu, ife oyenda usiku, mu 2017 High Court inathetsa kachigawo ka lamulo kamene ankagwirira anthu pongowaganizira, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda wa majumbo wa ku Blantyre amene anagwidwa mbandakucha akupita ku geni yake. Ngongole nayo si ya kupolisi, ndi ya khothi la milandu ya pakati pa anthu, ndipo kugwira mkazi chifukwa mwamuna wathawa ndi kosaloledwa.

Pempho langa Lamulungu likubwerali ndi loti thumba lija timalitcha la belo tilisinthe, likhale la thiransipoti ya omuimira, chakudya cha amene ali m'selo ndi poyambira loya. Tisankhenso anthu atatu okhala ndi ziphaso amene foni zawo sizizima usiku. A msungichuma, pa K5,000 munandipatsa ija yatsala K1,500, nkhomaliro anatipatsa konko, ndibweretsa pamodzi ndi timapepala tomwe anagawa, tilipo 6 tokha nde tiziwerenga mosinthana.