Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: zomwe tinakambirana za manovelo ndi mabuku a mbiri ya moyo

Moni nonse a gulu lathu lowerenga mabuku, a tcheya, amayi msungichuma ndi mamembala onse kuno ku Kasungu komanso inu amene muli kutali. Ndabwerako bwino ku Blantyre kuja munandituma, ndinafika Lamulungu usiku, ndiye ndati ndilembe lipotili zinthu zisanazizire m'mutu poti ena simudzakhalapo Loweruka. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndawapereka kale kwa amayi msungichuma pamodzi ndi chenji yomwe inatsala. Zikomo kwambiri posonkha ndalama zija, ndinaphunzira zambiri ndithu.

Msonkhano unali wa masiku awiri ndipo kunali olemba mabuku, aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi a m'masekondale, ogulitsa mabuku, ana a ku koleji ndi ife a magulu owerenga. Nkhani yaikulu inali yoti tiunike mabuku a masiku ano, manovelo amitundumitundu komanso mabuku amene munthu amalemba yekha za moyo wake, kuti mphamvu zawo zili pati nanga akufooka pati. Za malonje ndi zokamba za alendo olemekezeka ndizidumpha, ndilunjike pa zomwe munandituma.

Tsiku loyamba linali la mabuku a mbiri ya moyo, ndipo ndinene mosabisa kuti ili ndi tsiku lomwe linandigwira mtima. Tinayambira kwa Legson Kayira, amene buku lake I Will Try linatuluka mu 1965, mnyamata amene ananyamuka kumpoto mu 1958 wapansi wopanda nsapato mpaka kukafika ku Khartoum, kenako nkukaphunzira ku Amerika. Kuchoka apo tinabwera kwa amene anazunzika nthawi ya chipani chimodzi. A Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 nkukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo buku lawo la za kundendeko, And Crocodiles Are Hungry at Night, linatuluka mu 2011. A Sam Mpasu analemba Political Prisoner 3/75, mutu wa bukuwo ndi nambala yawo ya ku ndende. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton Chirwa mu 1981, amunawo anamwalirira ku ndende ya Zomba mu 1992 ndipo mayiwo anatuluka mu 1993, nkhani yawo ili mu Fearless Fighter ya 2007.

Chomwe ambiri tinagwirizana ndi choti mphamvu ya mabuku amenewa ili pa tinthu ting'onoting'ono tomwe munthu sangapeke atakhala pa tebulo. Munthu amene anagonapo pa simenti ya selo amadziwa kuti usiku umamveka bwanji, nsima ya kundende imakhala yotani, uthenga umatuluka bwanji mpanda mobisa, msilikali wa ndende wina amakhala wankhanza wina wachisoni. Buku la hisitole lingakuuzeni chaka ndi dzina la lamulo, koma silingakupatseni mantha a mayi amene watsala panyumba ndi ana pomwe aneba akuopa ngakhale kumupatsa moni. Mnyamata wina wa ku koleji, wobadwa referendamu ya 1993 itadutsa kalekale, anaimirira nkunena kuti iye zoti anthu ankamangidwa popanda mlandu ankazimva ngati nthano za agogo mpaka atawerenga limodzi la mabukuwa, ndipo holo yonse inangoti zii.

Zofooka nazo tinazitchula osanyengerera. Choyamba, munthu akamalemba za iye mwini amakhala mboni komanso woweruza pa mlandu wake womwe, ndiye pali mabuku ena makamaka a andale amene ukawerenga umapeza kuti wolembayo sanalakwitsepo chilichonse kuyambira ali mwana, olakwa ndi anzake okhaokha, ndipo anzakewo ambiri anamwalira sangayankhe. Ine ndinawonjezerapo zomwe tinakambirana kuno chaka chatha, zoti mabuku ambiri otere amayamba bwino zedi pa ubwana, kumudzi, kubusa, sukulu ya mishoni, koma munthu akangoyamba ntchito buku limasanduka ndandanda wa maudindo ndi maulendo a pa ndege, moyo wake weniweni osauonanso. Za banja, za ngongole, za pomwe anachita mantha nkukhala chete, zonsezo amazilumpha.

Kenako tinafika pa buku la kwathu kuno, la William Kamkwamba wa ku Wimbe, mnyamata uja anapanga makina a mphepo opangira magetsi, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba ndi Bryan Mealer nkutuluka mu 2009. Atamva kuti ndachokera ku Kasungu anandipempha kuti ndiyankhulepo. Ndinawauza kuti mitu yonena za njala ya 2001 mpaka 2002 ndi yoona mopweteka, ambiri a ife tinaiona njala imeneyo ndi maso, gaga kusanduka chakudya cha mtengo wapatali, anthu kugona pa mzere kudikira chimanga, ana kusiya sukulu chifukwa cha fizi ngati mmene iye anasiyira. Palibe novelo yomwe ndawerenga yomwe inajambula chaka chimenecho kuposa mitu imeneyo. Koma ndinanenanso kuti pena ukamawerenga umamva kuti bukuli likuyankhula ndi mlendo, likufotokoza kuti nsima ndi chiyani, ufiti anthu amauona bwanji, zinthu zoti ife sitifunika kuuzidwa. Sindikunena kuti ndi kulakwa, bukuli linasindikizidwa kunja ndipo owerenga ake oyamba anali akunja, komabe zimakupangitsa kumva ngati ukumvetsera nkhani ya kwanu uli kuseri kwa chitseko.

Apa mpomwe mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa Chichewa wochokera ku Dedza, anafunsa funso lomwe ndabwera nalo kwa inu. Anati mabuku onse mwatchulawa ndi abwino, koma ndi liti mwa iwo lomwe mayi anga angawerenge? Tinayang'anana. Onse aja ali m'Chingerezi, kuyambira la Kayira mpaka la Kamkwamba. Filimu ya Kamkwamba yomwe anapanga Chiwetel Ejiofor mu 2019 ili ndi Chichewa chambiri, koma mabuku a mbiri ya moyo omwe tinatha kutchula mu holo muja panalibe ngakhale limodzi la Chichewa. Anthu amene anaona njala, amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, mabungwe aja ankalemba anthu ntchito, amene anapita ku Halale, amayi amene ankavina pa misonkhano ya chipani kaya mofuna kaya mokakamizidwa, asilikali, azamba, onsewa nkhani zawo amazikamba pa maliro ndi pa khonde basi, akamwalira zimapita nawo.

Tsiku lachiwiri tinalowa m'manovelo ndipo kunali mtsutso wotentha kuposa dzulo lake. Chabwino chomwe aliyense anavomereza ndi choti olemba a masiku ano ali ndi ufulu wolowa paliponse, sakumangika pa nkhani ya atsamunda ndi ya mnyamata wopita kutauni yokhayokha. Tinatenga chitsanzo cha Namwali Serpell wa ku Zambia, The Old Drift ya 2019, yomwe imatsata mabanja atatu kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka mtsogolo, muli damu la Kariba, muli Edward Mukuka Nkoloso uja ankafuna kutumiza anthu kumwezi, ndipo udzudzu ndi umene umalowererapo kufotokoza nkhani, bukuli linapata mphotho ya manovelo a za sayansi yotchedwa Arthur C. Clarke mu 2020. Kwathu kuno a Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom yomwe nkhani yake ikuchitika zaka 500 mtsogolo. NoViolet Bulawayo wa ku Zimbabwe mu Glory ya 2022 anagwiritsa ntchito nyama pofotokoza za kugwa kwa mtsogoleri wokhalitsa pampando, ndipo bambo wina anati imeneyo ndi njira ya agogo athu yomwe ija ya kalulu ndi njovu, yangovala malaya atsopano. Ine ndinagwirizana nawo kwambiri.

Koma ufulu womwewo ndi umene ukubweretsa vuto lina. Ambiri amene anawerenga The Old Drift anati masamba ake oposa 500 aja ali ndi anthu ochuluka moti umangoyamba kumukonda mpangankhani wina basi wasowa, kwabwera mdzukulu wake. Ena anatsutsa kuti umo ndi mmene mbiri ya banja imayendera, sitinagwirizane chimodzi. Pa manovelo a zamtsogolo ndi za sayansi dandaulo linali loti olemba achinyamata amathera mphamvu zonse pomanga dziko lachilendo, makina ake, malamulo ake, koma anthu a m'dzikomo alibe njala alibe nsanje alibe apongozi, ndiye sukhudzidwa nawo. Pa nkhani zachikondi ndi zaupandu zomwe zikuyenda kwambiri pa WhatsApp ndi pa Facebook zigawozigawo, apa ndiye panali phokoso, aphunzitsi ena amati si mabuku amenewo, koma mtsikana wina amene amalemba zoterozo anayankha bwino kwambiri kuti iye amalemba m'Chichewa chomwe anthu amayankhula mu minibasi ndipo owerenga ake amadikira gawo lotsatira usiku ulionse, nanga buku liti la m'kalasi lomwe ana amalidikira chonchi? Anavomera yekha kuti vuto lake ndi mathero, nkhani imangotalika chifukwa owerenga akufuna ina, kenako imatha mwadzidzidzi ndi ngozi ya galimoto kapena maloto.

Nkhani ya mathero ndi ya mkonzi inabwera kangapo. Olemba ambiri pano akusindikiza okha ndi ndalama za m'thumba, zomwe ndi kulimba mtima ndithu, koma buku limachoka pa kompyuta kupita ku pulinta popanda munthu wina woliwerenga ndi diso lakuthwa nkunena kuti mutu uwu chotsa, munthu uyu wamupha msanga, apa wabwereza. Bambo wina wogulitsa mabuku ku Limbe anafotokoza kuti kampani zosindikiza zimakonda buku lomwe lingalowe pa silabasi chifukwa ndi lokhalo lomwe lili ndi msika wodalirika, ndiye wolemba novelo ya Chichewa amalemba akuganiza za mayeso a MSCE, mwana wabwino amapambana, woipa amalangidwa, pamapeto pamakhala phunziro loti mwana akalembe pa mayeso. Ine apa ndinaona kuti tisanyoze akale. Nthondo ya Samuel Josiah Nthara inatuluka mu 1933 ndipo imathera pa kutembenuka mtima, koma Nthondo mwiniwakeyo ndi munthu wamoyo, wakuba, wovuta, umamuona akukula, ndipo a John Gwengwe, a Jolly Max Ntaba ndi a Willie Zingani anatisiyira Chichewa chokoma chomwe ambiri tinakulira nacho. Chomwe chikuvuta ndi choti ena atengako ulaliki wokhawo nkusiya munthu wamoyo uja.

Maganizo anga nditamva zonsezi ndi akuti mbali ziwirizi zikusowana. Olemba manovelo athu akufunika kumva nkhani zenizeni za anthu kuti ampangankhani awo akhale ndi mnofu, ndipo nkhani zenizenizo zili ndi anthu oti sadzalemba buku la Chingerezi mpaka kalekale. Tinthu tating'ono tija tinayamikira mwa a Mapanje ndi mwa Kamkwamba tili mwa agogo athu omwe, m'chinenero chomwe iwo anamvera ululuwo, ndipo zinandiwawa pobwerera mu basi kuganiza kuti malume anga amene anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni zaka zambiri anamwalira ine osalembapo ngakhale tsamba limodzi la zomwe ankatiuza.

Ndiye ndikupempha kuti Loweruka tikambirane zinthu izi. Pa ndandanda wa mabuku a miyezi ikubwerayi tiike limodzi la mbiri ya moyo ndi novelo imodzi motsatizana, ine ndingakonde tiyambe ndi Fearless Fighter chifukwa sitinawerengepo buku la mayi wa kuno lonena za moyo wake, kope imodzi ndabwera nayo tizibwerekana. Chachiwiri ndi chachikulu, aliyense wa ife asankhe munthu wachikulire mmodzi wa kwawo, amupemphe chilolezo bwinobwino, amujambule mawu pa foni akufotokoza chaka chimodzi chokha cha moyo wake, kenako alembe m'Chichewa momwe wayankhuliramo osakonza kuti chimveke cha m'kalasi, masamba atatu kapena anayi akwana poyamba. Mayi aja a ku Dedza anati ali okonzeka kutiwerengera zomwe tingalembe ndi kutithandiza kalembedwe, nambala yawo ndapereka kwa a tcheya. Amene simudzakhalapo Loweruka tumizani maganizo anu kwa a sekilitale lisanafike Lachisanu madzulo kuti tidzawawerenge pa msonkhano, ndipo amene muli ndi foni yojambula mawu bwino mudzabwere nayo tidzayeserere limodzi.