Wofera m'chitokosi, wamupha ndani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya amayi achikuda amene akufera m'manja mwa apolisi ku America, chifukwa ndaona kuti tikamakamba za nkhanza za apolisi kumeneko dzina lomwe limatuluka nsanga ndi la George Floyd basi, mwinanso Eric Garner, abambo achikuda omwe anafera m'manja mwa apolisi, koma ukafunsa za amayi anthu amangoti kakasi.

Ine nkhani yomwe imandisowetsa mtendere ndi ya Sandra Bland. Mtsikanayu anali ndi zaka 28, atangopeza ntchito pa yunivesite yomwe anaphunzira ku Prairie View, ku Texas. Pa 10 July 2015 wapolisi Brian Encinia anamuimitsa ati chifukwa wasintha leni osayatsa indiketa, tangoganizani indiketa yokha. Kenako anakangana pa nkhani ya ndudu yomwe Sandra ankasuta m'galimoto yake yomwe, wapolisi uja nkutulutsa taser, kachida kothira munthu magetsi, kuti amuwopseze, kumutulutsa m'galimoto, kumumanga unyolo, ulendo wa kuchitokosi cha Waller County. Belo anaika madola 5,000, ndiye kuti pamafunika pafupifupi 500 kuti atuluke, achibale akadali mkati mothamangathamanga ndi ndalamayo pa 13 July anapezeka atafa. Lipoti la achipatala linati anadzimangirira.

Apa ndipamene ine ndimasiyana ndi anthu ambiri. Amati poti anadzipha yekha ndiye nkhani yatha. Yatha bwanji? Munthu wamutsekera iwe, makiyi uli nawo iwe, foni wamulanda, sangapite kulikonse, komanso pa mafomu olowera anali atanena kuti anayesapo kudzipha m'mbuyomu, ndiye osamuyang'anira pafupipafupi bwanji? Ndipo choyamba nchakuti munthu wa indiketa amafuna chani m'chitokosi masiku atatu? Banja lake linapatsidwa chipukuta misozi cha madola 1.9 miliyoni mu 2016, Texas inakhazikitsa lamulo la Sandra Bland Act, loteteza omangidwa makamaka odwala maganizo, mu 2017, koma Encinia mlandu womwe anamutsegulira unali wonama polumbira basi, ndipo nawonso unathetsedwa atangovomera kuti sadzagwiranso ntchito yaupolisi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa m'ndende.

Mu 2015 momwemo, mu February, Natasha McKenna wa zaka 37 yemwe ankadwala matenda a maganizo a schizophrenia anamuthira magetsi a taser kanayi m'ndende ya Fairfax County ku Virginia, ali womangidwa kale manja ndi miyendo, nkumwalira patapita masiku ochepa. Woimira boma pa milandu anati palibe wolakwa. Munthu wodwala amene amafunika dokotala anamutumizira gulu la anthu ovala ngati akupita kukazimitsa moto wa mankhwala oopsa.

Nchifukwa chake ndimawavulira chipewa a Kimberlé Crenshaw, pulofesa wa zamalamulo, ndi bungwe lawo la African American Policy Forum omwe anayambitsa kampeni ya Say Her Name, kutanthauza kuti Tchulani Dzina Lake, kumapeto kwa 2014. Ena amaseka kuti kutchula dzina kuthandiza chani, koma taonani za Breonna Taylor. Apolisi anamuwombera m'nyumba mwake ku Louisville usiku wa pa 13 March 2020, ndipo kwa miyezi iwiri nkhaniyi inali zii, amayi ake a Breonna, a Tamika Palmer, ndi maloya ndi anthu a m'misewu akanatopa bwenzi pano palibe akumudziwa. Phokoso lija ndilomwe linachititsa kuti mzindawo uletse apolisi kuthyola zitseko osagogoda, upereke madola 12 miliyoni, ndipo mochedwa kwambiri mu 2024 wapolisi Brett Hankison anapezeka wolakwa pa mlandu wophwanya ufulu wa Breonna kubwalo la boma lalikulu. Nzochepa, sindikukana, amene anawombera zipolopolo zomwe zinamupha sanaimbidwe mlandu wa imfayo, komabe popanda phokoso ngakhale izi sizikanachitika.

Chomwe chimandiwawa nchakuti imfa ya pamsewu imakhala ndi wojambula pafoni, ya m'chitokosi mboni yake ndi womusunga yemweyo, vidiyo ali nayo ndi iyeyo, lipoti alembenso iyeyo. Olo vidiyo yomwe Sandra anajambula yekha pafoni yake tsiku lomwe anamuimitsa lija, anthu anadzaionera mu 2019, patatha zaka pafupifupi zinayi.

Ndiye a Mkonzi, mukamalemba za apolisi aku America, muziwalemba amayiwa ndi mayina awo, komanso atolankhani anu akamva zoti "anadzipha yekha" azifunsa kuti wolondera anamuonera komaliza nthawi yanji.

Wowerenga wanu