Kalata kwa muphwa wanga: mlandu wa Shai ndi Jokić

Wokondedwa muphwa wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako, agogo ndi onse kumeneko. Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandikhaulitsa. M'mawa madzi a pampopi amaluma zala ngati ali ndi mano.

Amayi ako andiuza pa foni kuti iwe ndi achimwene ako mwatha sabata yathunthu musakudyera mbale imodzi chifukwa cha anthu awiri osewera basketball ku America, anthu oti sakukudziwani n'komwe. Akuti iwe ukuti Shai ndiye katswiri, achimwene ako akuti mphoto ija anachita kumubera Jokić, ndipo mkangano utafika pena iwe unalira mpaka kukana nsima. Mlongo wangayo wandikalipira kuti wolakwa ndine, poti ndine ndimakutumizirani timavidiyo tija. Sindikana. Ndiye khalani pansi muwerenge kalatayi awiri. Mawu akakuvuta achimwene ako akuthandize, ngati mwayambanso kuyankhulana.

Uyambe wamvetsa zilembo zitatu zija, MVP, dzina la mphoto mukukanganiranayo. Ndi chidule cha mawu a Chingerezi, ndipo tanthauzo lake si womwetsa zigoli zambiri ayi. Tanthauzo lake ndi wosewera wofunika kwambiri. Pamenepa ndi pamene pagona mkangano wonse, osati wanu wokha, komanso wa azibambo a ndevu zawo amene amalipidwa kuti azikangana pa TV. Tayesa kuyankha funso ili: pakhomo panupo wofunika kwambiri ndani? Amayi ako, amene amabwera ndi ufa ndi sopo? Kapena agogo ako, amene akangochokapo masiku awiri nkhuku zimagona panja, mbuzi n'kukalowa m'dimba la eni? Waona kuvuta kwake? Usayankhe mokweza, angakumve.

Mphotoyi sapereka ndi munthu mmodzi. Mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, timu iliyonse imasewera masewero 82. Akatha amenewo, atolankhani ndi owulutsa mawu 100 amavota. Aliyense amalemba mayina asanu. Dzina la pamwamba limapata mapointi 10, lachiwiri 7, kenako 5, 3 ndi 1. Palinso lamulo latsopano loti wosewera asewere masewero osachepera 65, apo ayi dzina lake silimveka. Lamulo limeneli linamupweteka Joel Embiid, mnyamata wa ku Cameroon amene anatenga mphotoyi mu 2023. Mu January 2024 anamwetsa mapointi 70 usiku umodzi, anthu n'kumati atenganso, koma bondo linavulala ndipo anangosewera masewero 39.

Chaka chino, 2025, anthu 71 analemba dzina la Shai pamwamba, ndipo 29 analemba la Jokić. Ndiye kuti achimwene ako sali okha. Ali ndi anzawo 29.

Tiyambe ndi munthu wakoyo. Dzina lake lonse ndi Shai Gilgeous-Alexander. Ulitchule katatu mothamanga uone ngati lilime silipindika. Ngakhale owulutsa mawu amangoti SGA kuti apume. Kwawo ndi ku Canada, ndipo amayi ake anali othamanga, anakafika mpaka ku mpikisano wa Olympics mu 1992. Timu yake, Oklahoma City Thunder, inapambana masewero 68 n'kugonja 14 okha. Panalibe timu ina yofika pamenepo. Iye yekha ankamwetsa mapointi pafupifupi 33 pa masewero aliwonse, kuposa wina aliyense mu ligi yonse. Ukamuonera bwino, sathamanga kwambiri. Amayenda ngati njoka mu udzu, uku apite, uku abwerere, kenako amaima mwadzidzidzi. Womutchinga uja amangopitirira yekha ngati njinga yopanda mabuleki, iye n'kuponya mosatekeseka. Ndipo mpira ukakhala kwa adani saima manja m'chiuno monga amachitira akatswiri ena. Amatchinga, amalanda. Timu yake inali yovuta kuimwetsa kuposa ina iliyonse.

Odana naye amati amadziwa kunyengerera woyimbira. Amati akangokhudzidwa pang'ono amagwedeza mutu ngati wamenyedwa ndi chibonga, kuti apatsidwe mpata woponya popanda womutchinga. M'mabwalo ena anthu amachita kumuimbira nyimbo yomunyoza pa nkhani imeneyi. Nthawi zina amachitadi, ine ndaona ndi maso anga. Koma ngati munthu ukulephera kumuimitsa popanda kumukoka mkono, vuto ndi lako wokokawe.

Tsono Nikola Jokić. Uyu ndi wa ku Serbia, tauni yaing'ono ya Sombor. Ndi wamtali mamita 2.11, moti chitseko cha nyumba yanu angalowe chowerama. Kumuona koyamba sunganene kuti ndi munthu wa masewero. Akamathamanga amakhala ngati wanyamula ndowa ziwiri za madzi, ndipo kudumpha kwake, iwe ukhoza kumuposa. Mu 2014, pamene matimu ankasankha anyamata atsopano, anatchula anthu 40 iye asanatchulidwe. Atafika pa iye, wa nambala 41, TV inali kuonetsa malonda a chakudya a Taco Bell, dzina lake n'kungodutsa m'munsi ngati nyerere. Mwini wakeyo anali mtulo kwawo.

Koma munthu ameneyu ali ndi maso kunkhongo. Amayang'ana kumanzere, mpira n'kupita kumanja, kukapeza mnzake amene ngakhale ife oonera sitinamuone. Mu basketball muli ntchito zitatu zikuluzikulu zimene amawerenga: kumwetsa, kuwakha mpira ukabwerera wina ataphonya, ndi kupatsira mnzako amene akumwetsa pompo. Wosewera akafika pa 10 pa ntchito zonse zitatuzi usiku umodzi, anthu amaimirira kuwomba m'manja. Jokić anachita zimenezi ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ukagawa za chaka chonse, pa masewero aliwonse ankamwetsa pafupifupi 30, kuwakha pafupifupi 13, ndi kupatsira 10. Chiyambire ligi imeneyi ndi anthu awiri okha anachitapo zotere iye asanachite, Oscar Robertson mu 1962, agogo ako ali kamtsikana, ndi Russell Westbrook. Mu March, posewera ndi timu ya Phoenix, anamwetsa 31, kuwakha 21, kupatsira 22. Palibe anachitapo zimenezo ndi kale lonse.

Koma usiku umene ine sindidzaiwala ndi wa kumayambiriro kwa April, posewera ndi Minnesota. Jokić anamwetsa mapointi 61. Werenga pa zala zako ndi za achimwene ako, sizikwana. Masewero anachita kuwonjezeredwa nthawi kawiri. Ndipo timu yake, Denver Nuggets, inagonjabe ndi pointi imodzi, 140 kwa 139. Ndinazimitsa foni n'kukhala chete kwa kanthawi. Chaka chonse zinali choncho. Iye akakhala pansi kuti apume pang'ono, timu inkasungunuka ngati shuga m'tiyi. Inapambana masewero 50, ndipo kutatsala masewero atatu okha eni timu anachotsa mphunzitsi wake, Michael Malone.

Ndiye ukufuna kudziwa kuti ine ndikanavotera ndani. Usalire. Ndikanavotera Jokić.

Ndikutengera za agogo ako zija. Ine ndimayesa munthu pomuchotsa. Ukamuchotsa Shai, Thunder ikhoza kugonja kambirimbiri, koma ikhalabe timu, chifukwa muli Jalen Williams, muli Luguentz Dort amene amamatirira munthu ngati chisoso pa buluku. Ukamuchotsa Jokić, Denver ndi nyumba yozulidwa mzati. Kwa ine wofunika kwambiri ndi ameneyo.

Koma kuntchito kwathu kuli mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene timakhala limodzi usiku, ndipo iyeyu anandigwira pakhosi. Anandifunsa kuti, kodi tizimulanga munthu chifukwa ali ndi anzake abwino? Anati mpira amasewerera kupambana, ndipo 68 ndi 50 si zofanana. Anandikumbutsanso kuti Chet Holmgren, mnyamata wamtali wa Thunder uja, anathyoka fupa la m'chiuno n'kukhala kunja miyezi pafupifupi itatu, koma timu inkangopambanabe, Shai ali kutsogolo. Ndinasowa poyankha. Ndinanamizira kukathira madzi m'ketulo. Mpaka lero sitinagwirizane, koma buledi timadyabe limodzi, mwamva inu awiri?

Tsono kwa inu achimwene ake, poti ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga ndimeyi. Mawu oti anamubera aja abwezeni. Chilipo chimene mukunena choona: Jokić anali atatenga kale mphotoyi katatu, mu 2021, 2022 ndi 2024, ndipo ovota ndi anthu, amatopa ndi ndiwo imodzimodzi ngakhale ikhale nkhuku. Zinamuchitikirapo Michael Jordan mu 1997. Mphoto anapatsa Karl Malone wa timu ya Utah, Jordan n'kudzamugonjetsa mu ndime yomaliza chaka chomwecho n'kutenga chikho. Lero mphoto ya MVP imatchedwa ndi dzina la Jordan yemweyo. Koma kuba ndi kupatsa munthu chinthu chimene sanachigwirire ntchito. Shai anagwira ntchito, thukuta lake tinaliona tonse.

Ndipo chaka chino nkhani sinathe ngati ya Jordan. Mavoti anali ataponyedwa kale pamene matimu awiriwa anakumana mu ndime ya chipulula, mmene timu yoyamba kupambana kanayi ndi imene imapitirira. Analimbana mpaka masewero achisanu ndi chiwiri, ndipo tsiku lomalizalo Thunder inaswa Denver 125 kwa 93. Zinandiwawa, koma ndi mmene zinalili. Kenako Shai anakumana ndi Minnesota, mmene munkasewera m'bale wake Nickeil Alexander-Walker. Abambo a Shai ndi amayi a Nickeil ndi munthu ndi mlongo wake, monga ine ndi amayi ako. Anakulira limodzi, anakankhana m'bwalo masewero asanu, atatha anakumbatirana. Pomaliza Thunder inagonjetsa Indiana Pacers, nakonso mpaka masewero achisanu ndi chiwiri. Kuno ndi kwanuko nthawi ndi imodzi, ndiye pamene iwe unali kuliza mkonono kuyambira 2 koloko usiku mpaka m'bandakucha, ine ndinali nditafunda bulangete, foni m'manja, kuonera munthu wako akunyamula chikho. Anamusankhanso kukhala wosewera wofunika kwambiri wa ndime yomalizayo. Apa wapambana ndiwe. Uvine pang'ono, koma osati pamaso pa achimwene ako.

Ukudziwa chimene Shai anachita atalandira MVP? Anagulira anzake onse a mu timu mawotchi odula. Naye Jokić ndi munthu wina wake. Chimene amakonda kuposa mphoto ndi mahatchi ake. Mu 2022 akuluakulu a timu yake anachita kukwera ndege kumutsatira ku Sombor, n'kukamupatsira mphoto kukhola la mahatchi, iye atafika pa kangolo kokokedwa ndi hatchi. Ndikuganiza kuti pamene inu mumakana nsima chifukwa cha iye, mwini wake anali kupesa hatchi, mtima uli m'malo.

Kanthu kena kamene mwina sunakaone. Ligi imeneyi ndi ya ku America, koma kuyambira 2019 palibe wobadwira ku America amene watenga mphotoyi. Womaliza anali James Harden mu 2018. Atachoka iye anabwera Giannis Antetokounmpo, amene anatenga kawiri. Makolo ake ndi a ku Nigeria, iye anabadwira ku Athens m'dziko la Greece, ndipo ali mwana ankagulitsa mawotchi ndi magalasi m'misewu. Nsapato zosewerera ankabwerekana ndi mkulu wake, wina akatuluka m'bwalo amavula kuti mnzake avale. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa kuno ku Joni ndimaona ana ambiri a anthu obwera akugulitsa tinthu pa mphambano. Embiid uja anayamba basketball ali ndi zaka 15, poyamba ankasewera mpira wamiyendo ndi volleyball. Iwe wayamba msanga kuposa iye. Ndipo Steve Nash, munthu woyamba wa ku Canada kutenga mphotoyi Shai asanatenge, anabadwira mu mzinda uno wa Johannesburg mmene ndikulembera kalatayi.

Ndakugulira mpira weniweni wa basketball, waung'ono woyenera manja ako. Ubwera ndi munthu wa kwathu amene akukwera basi kumapeto kwa mwezi uno, ndauika m'chikwama chimodzi ndi juzi ya agogo. Ndauphwetsa kuti ukwane, ndiye mukapope kwa okonza njinga, ndipo singano yake ndaimata ndi selotepi pambali, musaitaye. Mkombero wa njinga umene munamangirira pa mtengo wa mango uja ndauona pa chithunzi. Achimwene ako auika pamwamba kwambiri. Wa akuluakulu umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, koma iwe sunafike pamenepo, autsitse kufika poti ukaponya usamachite kutseka maso. Mpirawo ndi wa nonse atatu, mlongo wako wamng'ono azigwirako. Musamadundire pafupi ndi mbaula ya amayi ako, ndamva kale mawu okwanira mwezi uno.

Undiyankhe ndi dzanja lako, amayi ako ajambule pepalalo anditumizire pa WhatsApp. Undiuze ngati voti yanga yakukwiyitsa, komanso yankho la funso la pakhomo lija. Limenelo ulembe tizilembo ting'onoting'ono kumunsi, poti wojambula ndi amayi ako.

Upereke moni kwa agogo, uwauze kuti mankhwala opaka m'mawondo aja ali m'thumba la juzi.

Ndine malume wako,
kuno ku Joni