Kwa eni shopu ya mfuti: .323 si .318, ndibwezereni R1,840 yanga

Kwa eni ake a shopu ya mfuti ndi zida za alenje ya kum'mawa kwa Johannesburg, inu amene munkandiyankha pa WhatsApp. Dzina la shopu sinditchula, mukudzidziwa nokha, ndipo umboni wa EFT uli m'foni mwanga. Kalata ya Chingerezi ndinakutumizirani pa imelo koma mwangokhala chete. Iyi ndikulemba m'Chichewa kuti abale anga kuno ku Joni, makamaka amene amadzaza okha zipolopolo zosakira nyama, amve zomwe zikuchitika pa kauntala yanu.

Ndinafunsa chinthu chimodzi chomveka bwino: mitu ya zipolopolo (kachitsulo kakutsogolo kamene kamatuluka mfuti ikawombedwa) ya mtundu wa 8x57 J, kunenepa kwake .318 inchi, kulemera 196 grain, mabokosi awiri a mitu 50. Nambala ya .318 ndinailemba kawiri, n'kuwonjezera kuti si ya JS, mtundu wonenepa .323. Munayankha kuti ilipo, ndilipire mundisungire. Ndinatumiza R1,840 nthawi yomweyo. Pakati pa sabata yathayi, kaya linali Lachitatu kaya Lachinayi, ndinapempha kuweruka masana ndipo kuntchito anandidula R650. Ndinathira petulo wa R230 kuchokera ku Rosettenville, n'kulimbana ndi kuthithikana kwa magalimoto pa N12 mpaka kufika kwanuko. Mabokosi amene anaikidwa pa kauntala analembedwa .323, onse awiri.

Kulakwitsa kumachitika, ndipo mukanangonena kuti pepani bwenzi nkhani itathera pomwepo. Chimene chandipsetsa mtima ndi mnyamata wanu uja. Nditamuonetsa nambala pa bokosi anandiyankha kuti, "8 mil ndi 8 mil boss, imalowa basi." Ndinatulutsa micrometer, kachipangizo koyezera kunenepa, m'thumba kuti tiyeze mutu umodzi adzionere yekha. Iye anakokera bokosi kwa iye, n'kuitana mnzake, n'kuyamba kulankhulana m'Chiafrikaans uku akuseka. Kenako anandifunsa, makasitomala ena akumva, ngati laisensi ndili nayodi kapena mfutiyo inalowera pa Beitbridge. Abale anga, mawu amenewa mumawadziwa mmene amalasira. Khadi la laisensi ndinaliika pa kauntala, ngakhale kuti Firearms Control Act 60 ya 2000 ikamati ammunition imatanthauza primer (kachitsulo koyatsa wonga) kapena chipolopolo chathunthu, osati mutu wopanda wonga. Lamulo lomwelo silipereka competency, satifiketi yofunika munthu asanapatsidwe laisensi, kwa mlendo amene alibe permanent residence, choncho M'malawi wonyamula khadi limenelo anadutsa kale m'manja mwa apolisi. Wogulitsa pa shopu ya mfuti ayenera kudziwa zimenezi asanatsegule pakamwa.

Tsopano ndifotokoze chifukwa chake mawu akuti "imalowa basi" angavulaze munthu, poti zikuoneka kuti pa kauntala yanu palibe amene anaphunzitsidwa. Chipolopolo cha 8x57 chinayamba mu 1888 ndi mfuti ya asilikali a Germany ya Gewehr 88, ndipo mutu wake unali wobulungira, wa .318 inchi, omwe ndi 8.08 mm. Pofika 1905 asilikali anali atasinthira ku mutu wosongoka wonenepa .323 inchi, 8.20 mm, n'chifukwa chake dzina linawonjezeredwa S, woimira mawu a Chijeremani otanthauza chosongoka. J amene timalembayo kwenikweni ndi I wa mawu akuti Infanterie, anthu anangowerenga molakwika kalembedwe kakale ka Chijeremani. Asilikali atasintha, amisiri a mfuti za alenje anapitiriza kupanga mipope ya .318 kwa zaka zambiri, ndipo mfuti zimenezo zikupezekabe kuno ku South Africa ndi ku Namibia, zina za bolt, zina zopinda pakati zimene zimadya 8x57 JR.

Kusiyana kwake ndi .005 inchi, pafupifupi 0.13 mm. Ndi maso simungakuone, ndipo vuto lake lagona pomwepo. Kesi (chikho chosunga wonga) ya J ndi ya JS ndi yofanana thupi, ndiye chipolopolo cha JS nthawi zina chimalowadi m'mfuti ya J, bolt n'kutsekeka mokakamiza pang'ono. Koma khosi la chamber (malo amene chipolopolo chimakhala m'mfuti) ya J ndi lopanikiza. Mukaika mutu wa .323, khosi la kesi limafutukuka n'kugundana ndi khoma la chamber. Wonga ukayaka, khosilo limasowa malo otsegukira kuti limasule mutu. Mutu wonenepawo umayeneranso kukanikizidwa m'mpope wocheperapo. Zinthu ziwirizi zikaphatikizana, pressure imakwera mwadzidzidzi m'mfuti imene chitsulo chake chili ndi zaka pafupifupi 100. Mukachita mwayi, primer imaphwatalala kapena kubooka, bolt n'kukana kutukuka, pansi pa kesi n'kutsala zipsera zowala. Mukapanda mwayi kesi imang'ambika, mpweya wotentha n'kubwerera kumene kuli diso lanu. Mutu wa .318 m'mpope wa .323 suopsa chotero, umangobalalika pa target. Koma njira imene mnyamata wanu amandikankhira ndi yoopsayo.

Mnzanga aliyense amene wagula kapena kulandira 8 mm yakale, musadalire zolembedwa pa mpope zokha, chifukwa mfuti zina zinasinthidwa mpope kapena kubooledwanso m'kupita kwa zaka. Yezani mpope. Chotsani bolt, tsukani mkati, pakani mafuta pang'ono. Tengani kachidutswa ka mtovu wofewa kokulirapo pang'ono kuposa bowo, mukalowetse ndi nyundo ya pulasitiki, kenako mukakankhe ndi ndodo ya mkuwa mpaka katulukire mbali ina. Ndodo ya chitsulo imakala mizere ya mkati, ya mtengo imatha kuthyokera m'mpope. Kamtovuko kakatuluka muyeze pamene pali potukuka, chifukwa ndi pamene panalowa m'ngalande za mpope, ndipo muyeze ndi micrometer, osati vernier yotchipa imene imaphonya ndi .002. Mukapeza .318 kapena .319, mfuti yanu ndi J. Ngati mukukayikabe, mmisiri wa mfuti atsanulire Cerrosafe, chitsulo chosungunuka msanga, m'chamber kuti muone kukula kwa khosi. Ntchito yonseyi siidya ola limodzi.

Chikundiwawanso n'chakuti mukanandiuza zoona pa foni, bwenzi titakambirana njira zina ngati anthu odziwa ntchito. Aliyense akudziwa kuti mitu ya .318 ndi yosowa. Makampani ambiri a ku America amapanga ya .323 yokha. Woodleigh ya ku Australia, imene inkadziwika ndi mitu ya ma calibre akale, fakitale yake inapsa mu 2021, ndipo anthu a mfuti zakale anavutika kwambiri pambuyo pake. Sellier & Bellot ndi RWS ndi amene amadziwika ndi zipolopolo za 8x57 JR za 196 grain, ndiye shopu yofuna kuthandiza imayambira kufunsa kwa oitanitsa katundu wa makampani amenewo. Kunonso kuli amisiri amene amasema mitu ya mkuwa pa lathe, ndipo munthu amatha kuwafunsa ngati angaseme ya muyeso wake. Pali ena amene amasungunula mtovu n'kuumba mitu yawo, n'kuidutsa mu sizer, chipangizo chofinyira mitu, kuti ikhale .001 kapena .002 pamwamba pa muyeso wa mpope, ndi gas check, kachivindikiro ka mkuwa, kumbuyo. Imeneyo ndi yabwino poyeserera pa range, kapena pa nswala ndi njiri zapafupi.

Mnzake wa mnyamata uja, ataona kuti sindikusuntha, anati ndingogula sizer ndifinye ya .323 ikhale .318. Njira imeneyo ilipodi, koma sananene vuto lake. Chikopa cha mkuwa chokuta mutuwo chikafinyidwa chimabwerera pang'ono, pamene mtovu wa mkati subwerera. Pakati pawo pamatsala kampata, mtovu n'kumagwedera. Zotsatira zake mfuti imamwaza, ndipo mutu ukagunda phewa la ngoma chikopa chimatha kusiyana ndi mtovu, nyama n'kuthawa yovulala. Ku famu ya ku Limpopo nyama ikangotuluka magazi mwalipira, kaya mwaipeza kaya ayi. Sananenenso kuti die ya 8x57, chipangizo chokonzera kesi, imene ili pa shelefu yanu ili ndi expander (kachitsulo kofutukula khosi la kesi) ya .323, imene imasiya khosi lotakasuka moti mutu wa .318 umatha kukankhika ndi chala. Pamafunika expander ya pafupifupi .316. Mitu ya .321 ya .32 Winchester Special, imene ena amaganiza kuti ndi yapakati, nayonso ndi yonenepa kwa mpope wa J. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo akudyetsa makasitomala.

Mabokosi ndinawasiya pa kauntala osatsegula. Nditapempha ndalama zanga ndinauzidwa kuti ma component sabwezedwa, kenako mawu anasintha kuti mundibwezera mutadula 15% ya handling, yomwe ndi R276. Handling ya chiyani, bwana? Katundu sanatuluke pakhomo panu, ndipo si amene ndinaitanitsa. Manijala akuti anali pa lunch, ndinadikira mpaka mnyamata anayamba kutsitsa chitseko cha chitsulo. Kumeneku n'kudyera munthu masuku pamutu.

Amene mukuwerenga, tandiuzani ngati ndikulakwa. Ndipo ngati alipo amene anagulitsidwa .323 pa kauntala iliyonse atanena kuti mfuti yake ndi J, chonde asawombe zipolopolo zimenezo. Azichotse mitu ndi bullet puller, ayeze mpope kaye.

Kwa inu eni shopu, zofuna zanga ndi izi. R1,840 yonse ibwerere mu akaunti imene inachokera, popanda kudula ngakhale senti. R880 ya petulo ndi malipiro anga ndinaitaya chifukwa cha yankho lanu la pa WhatsApp, ndipo ndikuyembekeza kuti muinenepo kanthu. Mnyamata uja apepese, komanso asagulitsenso chilichonse cha 8 mm mpaka wina amukhazike pansi ndi micrometer. Consumer Protection Act 68 ya 2008 imandilola kukana katundu wosagwirizana ndi amene tinapangana, ndipo chikwangwani chanu cha no refund sichiposa lamulo. Likafika Lachisanu ndalama zisanalowe, ndikukapereka dandaulo kwa Consumer Goods and Services Ombud ndi ku National Consumer Commission, pamodzi ndi ma screenshot onse ndi chithunzi cha mabokosi aja chimene ndinajambula pa kauntala. Ndilemberanso bungwe la alenje limene ndili membala wake kuti mamembala adziwe malangizo amene amaperekedwa kwanuko, ndipo tsiku lomwelo dzina la shopu ndilemba poyera pansi pa uthenga uno. Nambala yanga ili pa invoice yanu.