Aise, kiyi sindinamuonebe

Aise Mphatso,

Voice note yako ndinaimva Lamulungu ndili pa shifiti. Wakuuza ndani kuti ndagula nyumba ku South Bend kuno, Chimwemwe eti? Umuuze kuti chomwe ndili nacho ndi mulu wa mapepala basi, ndipo panopa ndikukulembera foni ina ili pakhutu.

Eni nyumbayo ndi mayi achikulire, ngongole inawakanika ndipo ndi yambiri kuposa mtengo wa nyumbayo lero. Ndiye kuno kuli chomwe amati short sale, banki imalola kulandira zoperewera m'malo molanda, pajatu ku Indiana kulanda nyumba mpaka zidzere kukhoti kenako sheriff aigulitse, ndiye maloya amawadyera zambiri. Mayiwo mtengo wanga anauvomera kalekale koma mwini filimu ndi banki.

Dzinalo lisakupusitse, palibe chachifupi apa, uno mwezi wachisanu. Anafuna kalata ya mayiwo yofotokoza mavuto awo, ma pay stub, ma statement, za misonkho, titatumiza anangoti zii mpaka mapepalawo anakalamba, akuti tumizaninso atsopano. Katatu aise! Pa fax! Ukaimba ku loss mitigation, ofesi ya bankiyo yoona za ngongole zokanika, amakuikira kanyimbo ka piyano, kameneko ndiye kandilowa m'magazi, ndimakalota, dzana ndimakaimba ku bafa mpaka mayi a Tadala kufunsa ngati ndalowa kwaya. Naye Tadala wayamba kukaimba. Ndikadzafa musavutike ndi nyimbo za m'buku, mudzangoika kameneko pa sipika, mwina mpamene munthu adzayankhe.

Anatumiza munthu wawo woyeza mtengo, amati BPO. Ine ndinakonzeka ndi zithunzi za denga lodontha komanso ma quotation a okonza, mkuluyo anangojambula kunja ali m'galimoto n'kumapita, mtengo n'kuukweza. Tili pomwepo kwatulukira ngongole yachiwiri, naonso mpaka avomere ndipo akufuna kunyambitako. Ndinasainanso pepala lolumbira kuti mayiwo si abale anga, mzungu wa tsitsi loyera ndi ine wa ku Chilomoni, kkkk. Ndiye poti ngongole yoyambayo ili m'manja mwa Fannie Mae, kampani yaikulu yomwe imagula ngongole za nyumba kwa mabanki, ndikagula sindingagulitse masiku 30 oyamba, ndipo mpaka masiku 90 akwane sindingapyole 120% ya mtengo wogulira. Zija ndinkakuuza za phindu la msangamsanga iwala.

Mayiwo akukakamira kuti banki ilembe kuti zotsalazo sidzawalondola nazo, ndipo sindikuwada. Tsiku lina anandionetsa pachitseko pomwe ankalemba msinkhu wa ana awo ndi pensulo. Ndinakhala m'galimoto nthawi yaitali osailiza, ndimangoona tsiku lija achibale a bambo ankatulutsa mipando yathu maliro asanazizire, iwe unandithandiza kunyamula matiresi, ukukumbuka? Pena ndimadzifunsa kuti pankhaniyi ine ndili mbali iti.

Paja mayi a Tadala ndi oyembekezera, Epulo. Za agogo ake a Chimwemwe ndamva, chipepeso nditumiza mwezi ukatha. Koma chikundisowetsa tulo ndi mapaipi, mayiwo asamukira kwa mwana wawo, nyumba ili yokha, sinoo wayamba ndipo akaphulika bankiyo sidzachotsa ngakhale dola imodzi, ndiye ndimaganiza kuti mwina ndikauze

dikira kanyimbo kasiya